Kobiri la Njovu Ziwiri

Amai anga anagulitsa nthochi pa Nyimba kuyambira ndisanabadwe mpaka pamene maso anayamba kuwakana. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa ku Lusaka akudziwa zimene zimachitika basi ikaima pamenepo. Azimayi amathamangira kumawindo mabeseni ali pamutu, ndipo malonda onse amatha munthu asanamalize kumwa madzi. Masiku amenewo ngwee inali isanathe mphamvu, moti anthu ankalipira ndi ndalama zachitsulo. Apaulendo ena ankadikira dala kuti dalaivala alize injini, kenako n'kulandira phava la nthochi, n'kuponya ndalama pafumbi basi ikunyamuka. Amai akamatola ankapeza kuti pakati pa ngwee zenizeni pabisala ndalama yachilendo imene siingagule ngakhale mchere, ndipo mwiniwake anali atakhota kale paphiri.

Azimayi anzawo ankatukwana n'kuziponya kuthengo. Amai ankazipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kukaziika m'chitini cha mkaka wa ana chimene chinkakhala pansi pa bedi.

"Ndalama sitaidwa," ankatero. "Kuno siigula, koma kwao igula. Ni alendo aŵa, angosocela njila."

Dzina linakhazikika lomwelo, ndipo pakhomo pathu ukanena kuti alendo aliyense ankadziwa kuti ukunena za m'chitini. Ambiri anali a ku Malawi, ena a tambala, ena a chimanga, chifukwa kukula kwake kunali kofanana ndi ngwee zathu ndipo sankavuta kubisa. Panalinso ena odabwitsa, amene azungu a zikwama kumsana ankasiya mwina mwachinyengo, mwina poganiza kuti akupereka mphatso. Amai sankadziwa kuwerenga, choncho anawapatsa maina awoawo. Panali Wamano, amene m'mbali mwake munali mokumbikakumbika ngati duwa la dzungu. Panali Zenera, wa makona anayi, wopepuka moti ukanamuuzira akanauluka. Panali Mpunga, wachikasu, wa bowo pakati ndi ngala ya mpunga yowerama pambali. Panali Wosagubuduka, wamkulu wa mbali zisanu ndi ziwiri. Ankawazindikira onse ndi chala chachikulu osayang'ana, ndipo pa ambiri ankakumbukira nkhope ya amene anawabera nthochi.

M'chitinimo munali chinthu chimodzi chokha chimene sichinali mlendo. Linali kobiri lakale la nthawi ya azungu, lakuda, loperepeseka, la bowo pakati. Mbali ziwiri za bowolo kunali njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, zikuyang'anizana. Amai ankalitcha mwini mudzi. Anachoka nalo ku Katete pamene iwo ndi abambo anasamukira ku Nyimba kudzafuna minda, ndipo abambo atamwalira linali chimodzi mwa zinthu zochepa zimene achibale sanatenge, poti sanalione ngati kanthu. Kwathu khanda likatuluka m'chikuta amalimanga mkuzi, kachingwe ka m'chiuno kamene kamaonetsa ngati mwana akunenepa kapena akuonda. Pa mkuzi wa amai panali kobiri limeneli. Pa mikuzi ya ana atatu amene anabadwa ine ndisanabadwe, amene onse anagona asanayambe kuyenda, linali lomweli. Pa wanga linali lomwelinso, ndipo ine ndinakula.

"Si mankhwala," ankatero amai, poti anali munthu wa tchalitchi ndipo sankafuna kunenedwa. "Ni cakuti mwana adziŵe kuti asanabwele iye kunali anthu. Usaseŵele nalo. Lilindila mwana wako."

Ndinakula n'kukhala mphunzitsi wa maphunziro a za maiko pa sukulu ina ku Petauke. Ndinakwatira mkazi wachinsenga wa kufupi ndi Minga, munthu wofatsa amene sindikudziwa kuti anandipirira bwanji. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi matenda ena oipa kuposa pamenepo, ofuna kuoneka. Ndinkavala tayi ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Zaka zinapita, zisanu, zisanu ndi ziwiri, m'nyumba mwathu osamveka kulira kwa mwana. Anthu sankandinena pamaso, koma ndinkamva momwe nkhani inkathera ndikalowa mu ofesi ya aphunzitsi. Ndinatsimikiza mumtima kuti ngati sindidzatchedwa bambo wa uje, ndidzatchedwa ahedi.

Chaka china kunabwera kalata yoti pa boma padzakhala chionetsero cha zipangizo zophunzitsira zopangidwa ndi aphunzitsi eni ake, ndipo kudzabwera mlendo wolemekezeka wochokera ku Lusaka. Anzanga anayamba kuumba mapiri ndi dongo, ena kupanga dziko ndi chipanda. Ine ndinakumbukira chitini cha pansi pa bedi. Loweruka lomwelo ndinakwera basi kupita ku Nyimba.

Ndinawapeza amai pamthunzi wa pasiteji, akupatula nthochi zakupsa ndi zosapsa. Titafika kunyumba ndinawafotokozera, ndipo anakondwa kwambiri kuti alendo awo akaphunzitsa ana a sukulu. Anakhuthula chitini pamphasa, n'kutola kobiri lija, n'kuliika pamwendo pawo.

"Alendo tenga. Uyu asale."

"Amai, popanda ili cinthu conse sicikoma. Anthu afunika aone kuti na kuno kunali ndalama ya bowo."

"Si lako ili. Ni la mwana wako."

Apa ndi pamene ndinayankha mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Ndinati, "Mwana uti, amai? Mumuona kuti?" Ndinanena mokweza, ndi ukali wonse umene ndinkasungira anthu ena. Amai analisisita ndi chala, kenako analiponya m'chitini. Ndikuganiza kuti anandimvera chisoni, ndipo ine ndinagwiritsa ntchito chisoni chawocho ngati mmene munthu amagwiritsira ntchito khasu lobwereka.

"Libwele," anatero.

"Lizabwela mailo lomwe, amai. Cionetselo cikangotha."

Kwathu kuno mawu akuti mailo amatanthauza dzulo, amatanthauzanso mawa, ndipo womva amadziwa yekha kuti ndi liti malinga ndi nkhani. Sindinadziwe kuti ndidzabisala m'mawu amenewa zaka zambiri.

Kuti ndidziwe kwawo kwa mlendo aliyense ndinapita kwa wansembe wina wokalamba wa ku Ulaya amene ankakhala ku Minga, yemwe anali ndi galasi lokuzira zinthu. Tinakhala pakhonde masana onse. Wamano anapezeka kuti ndi wa ku Swaziland. Zenera anali wa ku India, pamodzi ndi mnzake wina wopepuka wa m'mbali mwa mafunde. Mpunga anali wa ku Japan, ndipo wansembeyo anandionetsa kuti mozungulira bowo muli mano a gudumu la makina, pansi pake pali mizere ya madzi. Wosagubuduka anali wa ku Mangalande, ndipo ndinauzidwa kuti ngakhale ali ndi makona, ukamuyeza paliponse m'lifupi mwake ndi chimodzimodzi. Panali wina wa bowo wa ku Denmark, wa mbidzi wa ku Botswana, wa mlambe wa ku Zimbabwe, wa nthiwatiwa wa ku Tanzania. Potsanzikana wansembeyo anandiwonjezera ndalama ya kwawo ku Italy, ya zitsulo ziwiri, yoyera kunja yachikasu mkati, yokhala ndi timadontho toti akhungu aziwerenga ndi chala. Ndinaganiza zoti amai akanaikonda imeneyi, koma sindinawaonetsepo.

Ndinagula thabwa lalikulu lopyapyala, n'kujambulapo mapu a dziko lonse ndi penti, n'kumata ndalama iliyonse pa dziko lake ndi guluu wolimba wa akalipentala. Kobiri la njovu ziwiri ndinalimata pamtima penipeni pa Zambia. Ntchitoyo inali yokongola, zimenezo sindinganame. Ana a m'kalasi mwanga ankaunjikana kuti agwire bowo la Mpunga, ndipo ankafunsa mafunso amene sanafunsepo chaka chonse. Wina anafunsa chifukwa chake anthu amaboola ndalama, ndipo ndinayankha monyada kuti kale ena analibe matumba, ankazitunga pachingwe, ndiponso bowo limathandiza kusiyanitsa ndalama ndi inzake ngakhale osaona. Za mkuzi sindinatchule.

Tsiku la chionetsero linafika. Mlendo wa ku Lusaka anali bambo wamimba, wa mawu okoma, wonunkhira sopo wodula. Anadutsa mapiri a dongo osaima, koma pa thabwa langa anaima, n'kuvula magalasi, n'kufunsa kuti ndalama zonsezi ndinazipeza bwanji. Choonadi chinali chapafupi ndiponso chokoma kumva: amai anga amagulitsa nthochi pa Nyimba, ndipo iliyonse mwa ndalamazi ndi phava limene anaberedwa. Koma ndinayang'ana nsapato zake zowala, n'kuyang'ana ahedi onse a m'boma ataima kumbuyo kwake, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena m'Chingerezi kuti ndili ndi anzanga olemberana nawo makalata m'maiko ambiri, ndipo ndakhala ndikusonkhanitsa ndalamazi kuyambira ndili ku koleji.

Anandipatsa mphotho yoyamba, pepala lolimba ndi wotchi ya pakhoma. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mlendoyo anandikokera pambali n'kunena kuti chinthu chotere sichiyenera kuthera kumudzi, achitenga akachionetse ku Lusaka, chidzabwera pakatha mwezi. Anawonjezera kuti aphunzitsi oganiza chonchi ndi amene akufunika pa mipando. Ndinanyamula thabwalo ndekha kupita nalo ku galimoto yake. Ndikuliika kumbuyo ndinaliona kobiri lija, ndipo ndinakumbukira zonse. M'thumba ndinali ndi kampeni kosongolera mapensulo, ndipo kulimatula kukanangotenga kamphindi. Sindinalimatule chifukwa pakanatsala chibowo pakati pa mapu, bwanayo n'kuona ngati ndine womana. Ndinatseka chitseko cha galimoto n'kuimika dzanja mpaka inakhota.

Mwezi unatha, wina unatha. Ndinalemba makalata awiri osayankhidwa. Patchuthi ndinakwera basi kupita ku Lusaka, ndipo basiyo itaima pa Nyimba ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato kuti amai asandione pawindo. Ku Lusakako anandiuza kuti bamboyo anapuma ntchito, ndipo palibe amene anaonapo thabwa la ndalama. Ndinakalipa, ndinamenya tebulo, mlonda n'kunditulutsa. Uhedi sunabwere. Chitini chopanda kanthu ndinayamba kusungiramo misomali.

Amai sanandipanikize. Ndikapita kukawaona ankadikira mpaka nthawi yotsanzikana.

"Nanga mwini mudzi?"

"Ali bwino, amai. Ali mu ofesi, nakhomela. Nizabwela naye mailo."

"Mailo yako ni iti kansi, yapita kapena ikubwela?" Ankaseka ponena zimenezi, ine n'kusekanso. Patapita nthawi analeka kufunsa, ndipo ine mopusa ndinaganiza kuti aiwala. Mkazi wanga ndinamuuza bodza lomwelo, loti kobiri ndinalichotsa thabwa lisanapite ndipo lili m'kabati ya kusukulu.

Kenako, titasiya kale kuyembekezera, mkazi wanga anaima. Chinali chaka chimene ndalama zachitsulo zinabwereranso m'dziko muno patatha zaka zambiri tikungogwira mapepala. Mwana wamkazi anabadwira ku chipatala cha Minga, wathanzi, wolira ngati wabwera kudzalamula. Ndinalira pakhonde la chipatala anthu akuona, ndipo tsiku limenelo sindinasamale za tayi. Mkazi wanga anapita ndi khanda kwa amai ake kumudzi. Patapita masiku atatu kunabwera uthenga wochokera ku Nyimba. Amai, amene pa nthawiyi ng'ala inali itaphimba maso onse awiri ndipo anali atasiya malonda, anati abwera tsiku lotulutsa mwana, mkuzi apota kale, ine ndikonzeretu mwini mudzi.

Ndinazungulira msika wonse wa Petauke kufunsa kobiri la bowo. Ogulitsa fodya, ogulitsa mankhwala azitsamba, osoka nsapato, onse ankalikumbukira koma palibe amene anali nalo. Wina anandiuza za mkulu wina wa ku Sasare amene ankasunga zakale za kumgodi. Ndinapalasa njinga mpaka kumeneko, n'kupeza kuti anamwalira chaka chatha ndipo zinthu zake anagawana. Pobwerera ndinaima pagolosale kugula madzi, ndipo pa chenji anandipatsa ndalama yatsopano ya ngwee makumi asanu, yowala ngati yangotuluka m'moto. Nditaitembenuza ndinaona njovu. Inali imodzi yokha, komabe inali njovu, ndipo ndinakumbukira kuti amai saona.

Kuseri kwa msika kunali bambo wina wowotcherera zitsulo amene anali ndi makina obowolera. Ndinamupatsa ndalamayo n'kumuuza kuti aiboole pakati. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Aphunzitsi, iyi ni ndalama ya boma, yabwela mailo cabe. Mukagwidwa, ine sinikudziŵani."

Anaiboola. Bowolo linadutsa pathupi pa njovu ndipo silinali pakati penipeni. Kunyumba ndinaiwotcha pambaula, n'kuipaka oilo wakuda wa njinga, n'kuikwirira m'dothi masiku awiri. Ine mphunzitsi wa ana a anthu, amene ndinkakwapula mwana akakopera mayeso, ndinagwada kuseri kwa bafa ndikufukula bodza langa ndi supuni. Inada ndithu, ndipo ndinadziuza kuti yafanana.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa, kunja kukuwala bwino. Pabwalo la apongozi anga anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Panakhala amai anga, apongozi anga, mkazi wanga ali ndi khanda, ndi azimayi ena a m'mudzimo. Ine ndinakhala patali pang'ono pa kampando, monga mkamwini amachitira pamaso pa apongozi. Amai ndi apongozi anali pa chisewere chenicheni, chonyozana mosekerera nthawi zonse, uyu Mchewa uyu Mnsenga, ndipo m'mawa umenewo anali atayamba kale kukangana kuti mwana wafanana ndi mtundu wa yani. Amai anatulutsa mkuzi m'kathumba, woyera, wopotedwa bwino ndi manja a munthu wosaona. Kenako anatambasula dzanja kulozera kumene ankamva mawu anga.

Ndinayenda chowerama n'kuika ndalamayo m'dzanja lawo, n'kubwerera pakampando. Anaifumbata, chala chachikulu n'kuyamba kuyenda. Chinazungulira m'mbali, chinapita pabowo, chinabwerera, anaitembenuza, chinayendanso. Ndinali nditaiwala chinthu chimene ndinachidziwa kuyambira ubwana wanga, kuti amai sankaona ndalama ndi maso ngakhale pamene maso anali abwino. Kobiri lenileni linali lalikulupo, losalala ngati mwala wa mumtsinje. Ichi chinali chaching'ono, ndipo bowo lake linali ndi mano. Nkhope yawo sinasinthe, koma chala chinaima.

Apongozi anga, amene maso awo ndi akuthwa mpaka lero, anasendera pafupi n'kuitenga. Anaipukuta pachitenje, oilo n'kuchoka, chitsulo chowala n'kuonekera. Anaikweza m'mwamba kuti azimayi onse aone.

"Asewele, nichinji ichi? Iyi ni ndalama ya lomba, yatsopano! Niye kobili mwenze kutinyadila nalo myezi yonse iyi?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti nthawi yolankhula ndi imeneyi. Mawu anali okonzeka, ochepa chabe. Ndisanatsegule pakamwa, kapena ndinene zoona, ndikuzengereza kutsegula pakamwa, amai anaseka.

"Mwanigwila, asewele. Lakale lija n'nataya ine. Mwana ananibwezela kalekale, ine n'kuika posaika, mudziŵa ukalamba na maso aŵa. Kapena n'napatsa munthu pamodzi na cenji. Niye n'namutuma kuti aniboolele iyi, nimati simuzaona."

Azimayi anafa nacho chiseko. Apongozi anawomba m'manja n'kunena kuti Achewa ndi otero, angataye ndi mwana yemwe atapanda kumumanga kumsana. Wina anati agogo afuna kunamiza khanda tsiku loyamba. Amai ankaseka nawo, akuvomera chilichonse. Anthu a mudzi wa eni, amene anawaona kawiri kokha, anawaseka ngati nkhalamba yosasamala imene inataya chuma cha makolo, ndipo mwana wawo, mwamuna wa ndevu, anakhala pakampando akumwetulira nawo. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Inde, ndinamwetulira, ndipo chimenechi ndi chimene chimandiwawa kuposa thabwa, kuposa bodza la makalata.

Chiseko chitatha amai anapempha mchenga wonyowa ndi kamtengo. Anati bowolo likuluma, lingadule mkuzi kapena kucheka mwana. Anakhala pamphasapo akupota kamtengo ka mchenga m'bowomo, akuyesa ndi chala, akupotanso. Kenako anapempha mwala n'kupala m'mbali monse. Azimayi anabalalika kukaphika, dzuwa linafika pamutu, iwo ali pomwepo. Atakhutira anatsuka ndalamayo ndi sopo kuti oilo wanga achoke, n'kuitunga pamkuzi, n'kumanga m'chiuno mwa mdzukulu wawo. Anamuuza khandalo maina a amene analipo iye asanabwere, kuyambira amai awo, ana awo atatu aja, abambo anga, n'kumalizira ine.

Mawa lake ndinawaperekeza kumsewu waukulu kukakwera basi ya ku Nyimba. Ndinawagwira dzanja chifukwa cha miyala. Titayenda mtunda ndithu, ndinayamba.

"Amai, kobili lija..."

"Linali na njovu ziŵili," anatero. "Unaiŵala kuŵelenga, mphunzitsi?"

Ndinawauza zonse pamenepo, za bwana wa ku Lusaka, za kampeni m'thumba, ngakhale za anzanga a makalata amene kunalibe. Sanandidule mawu. Nditamaliza anati anadziwa kalekale, pa mailo yachitatu, chifukwa ndili mwana ndikanama ndinkalankhula mofulumira, ndipo sindinasinthe.

"Nanga munanenelanji kuti munataya ndimwe?"

"Ine nikwela basi, nipita. Iwe ukhala nao anthu aja moyo wako wonse. Mkamwini wabodza na nkhalamba yoiŵala, cabwino n'citi?" Anaima pang'ono kuti apume. "Koma cinaniŵaŵa, usaganize kuti sicinaniŵaŵe. Pa kobili lija panali thukuta la ana anga atatu. Nilibe cithunzi cao ine. Cinali cokhaco cimene cinawakhudza."

Zimenezi sindinaziganizepo n'kamodzi komwe. Zaka zonsezo ndinkaona ngati ndataya chinthu cha mwana wanga, ndipo mwanayo atabwera ndinkangofuna chotseka pabowo. Ndinaima pamsewu dzanja lawo lili m'dzanja langa, ndikusowa poyang'ana. Basi inabwera, ndinawakweza, n'kuuza kondakitala kuti awatsitse bwino pa Nyimba. Ali pampando anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti mwina kumene lili kobirilo wina akulisunga m'chitini, poti nalonso tsopano ndi mlendo.

Amai anamwalira mwana ali ndi zaka zitatu. Mkazi wanga ndinamuuza zoona titabwerako ku maliro, ndipo anangoti ankakayikira kuyambira tsiku lija, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kumudzi kwa apongozi nkhani ija ilipobe momwe amai anaisiyira. Imakambidwa pa maukwati ndi pa zinamwali, ndipo munthu akataya kanthu amamunena kuti wachita za agogo a ku Nyimba. Ndakhalapo pamene ikukambidwa kangapo konse, ndikumwa thobwa la eni ake, osatsutsa.

Mwana wanga tsopano ndi mtsikana wa sukulu, wamtali, wa pakamwa ngati ine. Ndalama ija amaisunga m'kabokosi ka ndolo. Masabata atatu apitawo aphunzitsi awo anawauza kuti aliyense abweretse chinthu cha pabanja pawo chokhala ndi mbiri. Anaitulutsa Lamlungu masana titabwerako ku tchalitchi, n'kukhala pafupi nane pakhonde akuizunguza pa chala. Bowo lake ndi losalala mpaka lero, ngakhale ulowetse ulusi wa thonje sungaduke.

"Adadi, agogo a ku Minga akuti agogo a ku Nyimba anataya kobili la makolo, niye anaboola iyi kuti anamize anthu. Anali osasamala, ai? Niuzeni bwino mwamene zinacitikila, nifuna nikakambe kukalasi."

Ndinayang'ana ndalamayo, n'kuyang'ana mwanayo, amene ali ndi chala chachikulu chofanana ndendende ndi cha amai. Ndinamuuza kuti ndatopa, ndimufotokozera mailo.